Dzina la Amake Tisa

Ndinakankha geti ndi phazi, ndinalowetsa wilibala, ndinakhuthula miyala pakati pa bwalo la Jailosi, mwana wa mlongo wanga. Phokoso linamveka mpaka kumsewu. Galu anathawira kuseri kwa nyumba. Jailosi anatuluka ali ndi sopo kumasaya, lezala m'manja.

"Ba Malume! Nichani ichi?"

"Miyala."

"Naona ni myala. Manje pa matailosi yanga?"

"Itana amako."

Imani kaye pamenepo. Inu ana mumakonda kudumpha nkhani, monga mmene mumakankhira zala pa mafoni anu. Simungamve bwino mukapanda kudziwa chimene chinandiyendetsa ndi wilibala kuchoka ku Kalingalinga mpaka ku Mtendere, ine munthu wa mawondo olira ngati chitseko chopanda mafuta.

Anayambitsa ndi Lute, mdzukulu wanga woyamba, mkulu wanu nonsenu. Ali ndi pakati anabwera kushedi kumene ndimapala matabwa, naika buku la chikuto cholimba pa benchi.

"Ambuya, lembani."

"Ndilembe chiyani?"

"Vonse. Kwamene munachoka, vamene munali kudya, banthu banu. Ise sitiziba chilichonse. Mukafa muzapita navo."

"Wakuuza ndani kuti ndikufa?"

"Palibe. Lembani chabe."

Ine sukulu ndinalekezera ku pulaimale. Cholembera changa ndi pensulo yophwatalala ya ukalipentala, imene imakhala kukhutu. Moyo wanga wonse ndalemba miyeso pa thabwa, thabwalo n'kupita ndi mwini wake. Koma ndinanola pensulo ndi chizulo chosemera matabwa, ndinayamba. Tsamba loyamba ndinaika anthu. Atate anga, a Lazaro. Amai anga, Amake Tisa.

Lute atabweranso anawerenga, naika chala pamzere wachiwiri.

"Ambuya, iyi si dzina."

"Ndi mmene ankawaitanira."

"Amake Tisa ni kuti bamai ba Mbuya Tisa. Manje beve dzina yao inali ndani?"

Ndinatenga pulena, ndinayamba kupala thabwa limene linali losalala kale.

Ndapitirira zaka makumi asanu ndi awiri. Kufikira tsiku limenelo, dzina la amai anga ndinali ndisanalimvepo.

Iwe Dalitso, ndikudziwa ukuseka. Leka. Inu mumatchula amanu maina ngati mukuitana anzanu a mpira. Ndamva mnyamata wina m'minibasi akufuula dzina lonse la amake pa foni, anthu ali phee, palibe womudzudzula. Kale sizinali choncho. Mkazi akabala mwana woyamba, dzina lake linkasungidwa. Amuna ake ankati Amake uje. Apongozi chimodzimodzi, mudzi wonse chimodzimodzi. Mwana kutchula dzina la amake kunali kutukwana, mbama inkafika usanatseke pakamwa. Kufunsa kumene sikunkabwera m'mutu. Ndiponso amai anga anamwalira ine ndisanayambe kuvala kabudula.

Lute anasisita mimba yake.

"Uyu akankhala mukazi, nizamupasa dzina ya bamai banu. Ba Mulenga bavomela kudala."

Mulenga ndi mwamuna wake, wa kumigodi ku Kopala, mnyamata wabwino, wopemphera mofuula. Anali atakonzeratu maina achizungu a kutchalitchi kwawo, koma kwa Lute anagonja, monga timagonjera tonse.

"Muzaipeza, Ambuya?"

"Ndilipeza."

Ndinanena kamodzi. Ine sindibwereza mawu.

Wodziwa dzinalo anatsala mmodzi: asisi anga a Tisauke, amake Jailosi, amene inu mumati ba Mbuya Tisa. Inu mumawadziwa ali pa sofa, atafunda bulangete, akuyang'ana wailesi ya kanema osaiona. Ine ndimawadziwa msana. Ndinakulira pamenepo.

Tinachokera kum'mawa, mbali ya ku Katete. Atate anali kale ku Lusaka, akunyamula matumba a simenti kumafakitale. Amai anamwalira nthawi ya dzinja. Anthu atakolola, kunabwera mawu akuti ana abwere kutauni. Asisi anali asanavinidwe n'komwe. Anandibereka ndi chitenje cha amai, anasenza kamtolo, anakwera lole yonyamula mtedza. Tinakhala pamwamba pa matumba. Kamba wathu anali chimanga chokazinga, mbatata zootcha, mbewa zouma, ndi thobwa m'botolo lotseka ndi chitsononkho. Mano anga anali ang'ono. Asisi ankatafuna chimanga n'kundiika m'kamwa. Musachite nkhope. Mukanapanda chimanga chimenecho inu simukanabadwa.

Msewu unali wafumbi. M'mapiri a ku Luangwa lole inkatentha n'kuima, amuna n'kudumpha kukaika miyala kumbuyo kwa matayala kuti isabwerere m'chigwa. Ndimakumbukira kutentha, fungo la nsomba zouma, ndi thukuta la pakhosi pa asisi. Tinagona panjira kangapo. Inu mumakwera basi ya mipando yofewa, m'mawa muli ku Lusaka, madzulo muli ku Chipata, n'kumadandaula kuti foni yatha moto.

Kalingalinga wa nthawi imeneyo si uyu wa magetsi ndi mashopu a mawindo achitsulo. Nyumba zinali zadothi. Denga linali la migolo yophwanya, pamwamba miyala, kuti mphepo isalitenge. Paliponse maenje a madzi ndi udzudzu. Tinapeza atate ali ndi mkazi wina. Sindiwanena zoipa, anatidyetsa. Koma m'nyumba imeneyo nkhani ya amai sinkakambidwa. Atate akalakwitsa ankati "amanu," n'kutsokomola, n'kutuluka panja. Anamwalira osawonjezerapo.

Asisi anayamba kuphwanya miyala adakali mtsikana. Ntchitoyo mumaiona m'mbali mwa msewu mpaka lero, koma simuiyang'ana. Mwala waukulu umakumbidwa pansi. Ukakana kusweka, amautentha ndi matayala akale mpaka ung'aluke. Zidutswa amazinyamula pamutu. Ndiye munthu amakhala pansi, miyendo atatambasula, patsogolo pake mwala wophwatalala. Dzanja lamanzere limagwira mkombero wa tayala wotchinga miyala kuti isathawe, lamanja hamala. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Mulu ukakula amabwera omanga nyumba ndi mawilibala awo. Mukamadutsa kumayadi, n'kumasirira mipanda italiitali ija, dziwani kuti m'kati mwake muli manja a ba Mbuya Tisa. Yunifolomu yanga inachokera m'miyala. Sowo yanga yoyamba inachokera m'miyala. Sukulu yonse ya Jailosi inachokera m'miyala.

M'nyumba asisi anali munthu wachete, kuposa ine. Koma pamiyala pakamwa pankatseguka. Ndikaweruka kusukulu ndinkakhala pambali pawo, iwo hamala ili gu, gu, nkhani zikutuluka. Za mkuyu wa pakati pa mudzi. Za mbuzi imene inadya chipewa cha atate tsiku laukwati, atate n'kukwatira mutu uli pamtunda. Za mphini za pamphumi pa amai, ndi chipsera cha moto padzanja lawo. Za chaka cha dzombe, pamene anthu anadya chimene chinawadyera. Zonse za kumudzi zimene ndalemba m'bukuli ndinazimva pamenepo, fumbi loyera lili m'maso. Koma nthawi zonse ankati "amama." Amama anatero, amama anapita. Basi.

Zaka zinapita. Ndinaphunzira matabwa kwa mkulu wina wa kumpoto amene ankalankhula ndi mpini wa nyundo. Tinkacheka mitengo ndi sowo ya anthu awiri, wina pamwamba, wina m'dzenje. Wam'dzenje ndinali ine, utuchi wonse kumutu. Lero mnyamata amadina batani, makina n'kulira, iye n'kudzitcha kalipentala. Ndapanga mipando, zitseko, mabedi a maukwati, ndi mabokosi a maliro osawerengeka. Ndinakwatira malemu ambuya anu, amene anandiona koyamba tili pamzere wa saladi, masiku amene mafuta ophikira ankasowa. Ananditukwana kuti ndawaponda phazi. Zimenezo zili patsamba lina, mudzawerenga. Apa tikukamba za dzina.

Lute atandipatsa ntchito ija, ndinakwera basi yanu ya mipando yofewa kupita kumudzi. Mudzi ndinaupeza utasamukira kumsewu. Pamalo akale panali munda wa soya. Mkuyu anadula. Manda anali m'tchire, opanda chizindikiro. Ananditengera kwa mkulu wina wosaona, amene anandigwira nkhope ndi manja.

"Ndiwe wa Amake Tisa? Aja aatali aja?"

"Eya. Dzina lao linali ndani?"

"Amake Tisa."

"Lao lenileni."

"Aa, ine ndinali mwana. Chimene ndikudziwa, pamtondo panalibe wowaposa. Akayamba kusinja ndi mnzao, mudzi wonse unkamva."

Ndinabwerera ndi thumba la mtedza ndi msana wopweteka.

Kunatsala asisi. Koma asisi mutu unali utayamba kuchoka kuyambira nyengo yozizira yapitayo. Jailosi, amene tsopano ndi kapitawo kunyumba yosungira katundu kumafakitale, anawamangira chipinda chabwino ku Mtendere, cha matailosi ndi chimbudzi cham'kati. Anawakhazika pa sofa. Mwana wabwino. Koma pa sofapo anazima pang'onopang'ono ngati mbaula yosakupiza. Ndikalowa ankandiwombera m'manja mwaulemu.

"Mwafika, abambo? Mukufuna yani?"

Ine amene ananditafunira chimanga.

Iwe Dalitso unayesa nzeru zako, ukukumbukira. Unawaika foni pamphuno.

"Ba Mbuya, kambani apa. Dzina ya bamai banu ni ndani? Kambani chabe, izajambula."

Anayang'ana foni, anayang'ana iwe, anakufunsa ngati ndiwe wogulitsa makala. Ine ndinayesa kufunsa mofatsa, ndinayesa mokweza. Ndinawabweretsera mtedza wa kumudzi. Anadya, anathokoza abambo achilendo, anagona.

Kenaka Lute anachira. Mwana wamkazi.

Kwathu mwana sapatsidwa dzina tsiku lobadwa. Amadikira mchombo ugwe, ndiye amamutulutsa panja, wamkulu n'kumutcha. Lute anaumirira kuti zichitike choncho. Ku kiliniki anamufunsa dzina, iye anati adikire. Apongozi ake anafika kuchoka ku Kopala ndi zikwama, nayamba kufunsa kuti mwanayu azingotchedwa bebi mpaka liti. Ndinapita kukamuona ku Kalikiliki kumene amakhala. Kamwana kofiira, zala zazitali. Mchombo unali utayamba kuuma.

Mulenga anandiperekeza mpaka pamsewu, akundiitana monga aitanira agogo kwao.

"Ba Shikulu, ngati dzina yakanga, palibe vuto. Tili nayo ina. Lute azamvesesa."

"Sinakange."

"Nikamba chabe kuti mwina..."

"Bwerera kwa mkazi wako."

Kuchoka pamenepo ndinapita ku Mtendere. Ndinakhala moyang'anana ndi asisi, osafunsa kanthu. Mafunso anali atatha. Wailesi ya kanema inali kusonyeza anthu ophika. Ndipamene ndinaona dzanja lawo. Lamanja linali kumenya pamkono wa sofa, pang'onopang'ono, gu, gu. Lamanzere linali pabondo, zala zitapindika ngati zagwira mkombero. Mutu unaiwala ine, unaiwala Jailosi, koma manja anali adakali kuntchito.

Hamala yao yakale inali kushedi kwanga. Mpini wake ndinauika ndine, kangapo konse, ndipo atasamukira ku Mtendere Jailosi anafuna kuitaya, ine ndinaitola. Ndinaipukuta. Ndinadula mkombero ku tayala lakale. M'mawa ndinapita kwa amai ophwanya miyala m'mbali mwa msewu, ndinadzaza wilibala, pamwamba ndinaika mwala wophwatalala. Anyamata owotcherera zitsulo anandikuwa.

"Ba mudala, mwasintha nchito? Mapulanga yatha?"

Ndinangokankha wilibala. Mpweya ndinkaufuna wa pachitunda.

Tsopano tabwerera pabwalo paja. Jailosi waima ndi lezala, sopo akuuma kumasaya.

"Itana amako," ndinatero.

Anayang'ana miyala, anayang'ana hamala, nkhope inasintha.

"Iyayi, ba Malume. Ivo sivizachitika."

"Zichitika."

"Bamai banaphwanya myala zaka zingati? Chifuba chao muchiziba. Liso ya kumanzele inafa na kamwala. Ine ninalumbila kuti nikayamba nchito, bamai sibazagwilapo mwala futi. Manje imwe mubwelesa wilibala yonse? Baneba bazakamba chani? Ati Jailosi alemba bamai bake nchito?"

"Aneba akambe."

"Ni nyumba yanga ino."

"Ndi mlongo wanga uyo. Ndipo ine ndine malume wako. Usandiphunzitse."

Anaima pakhomo, manja atatambasula, munthu wamkulu wa imvi zake. Sindinamukwiyire. Ndinamuona ali mwana, akunyamulira amake madzi kumiyala. Chimene ankatchinga ndinkachidziwa. Koma mchombo sudikira.

Sindinakangane nayenso. Ndinaika mwala wophwatalala pansi, ndinaikapo mkombero, ndinathiramo miyala, ndinamenya kamodzi. Gu. Ndinamenyanso.

Nsalu ya pakhomo inagwedezeka kumbuyo kwa Jailosi. Asisi anatulukira pansi pa mkono wake, opanda ndodo, bulangete likukokeka pansi. Anasuzumira mulu.

"Wathira pano ndani? Pamafunika pamthunzi."

"Bamai, tiyeni mukati..."

"Choka, ukunditchinga."

Mkazi wa Jailosi, bana Chanda, ndiye anali ndi nzeru. Anathamanga, anabweretsa saka, anayala pansi pa mtengo wa mapeyala. Tinasunthira miyala pamenepo. Asisi anakhala pansi okha, anatambasula miyendo, anamanga chitenje bwino. Ndinawapatsa hamala. Anaitembenuza, chala chachikulu chinapeza pamalo pake pamene mpini unadyeka.

Kumenya koyamba kunali kofooka. Kwachiwiri mwala unagawika pakati.

"Miyala iyi sanaitenthe bwino," anatero. "Aulesi."

Anamenya, anamenya. Jailosi anaima chilili, lezala ili m'manja. Ndipo osadzutsa mutu, asisi anati:

"Iwe Faki, wangokhala? Sendeza mulu kuno."

Dzina langa ndine Fakisoni. Wonditcha Faki padziko lapansi anatsala mmodzi, ndipo anali atandiiwala chaka chathunthu. Ndinasendeza mulu.

Nkhani zinayamba kutuluka monga kale. Mbuzi ndi chipewa. Mkuyu. Lole ya mtedza, ndi dalaivala amene anafuna kutisiya pa Luangwa chifukwa ine ndinkalira. Imeneyo sindinkaidziwa, ndailemba tsopano. Koma amai anali "amama" basi. Ndinadikira mpata.

"Asisi, amama dzina lao linali ndani?"

Hamala inaima m'mwamba. Maso anayamba kuchita chifunga, monga pa sofa paja. Ndinaona kuti ndikuwataya. Funso linali kuwatseka, osati kuwatsegula.

Ndinakumbuka mkulu wosaona wa kumudzi. Akayamba kusinja ndi mnzao. Pamtondo akazi amasinja awiri, wina akatsitsa munsi wina akweza. Ndinatulutsa hamala yanga ya misomali m'thumba la ovolosi. Ndinakhala pansi moyang'anana nawo, miyendo kutambasula ngati mzimayi. Mawondo analira, ndinawasiya alire. Ndinamenya mumkombero momwemo. Gu. Ndinadikira. Iwo anatsitsa. Gu. Ine. Iwo. Ine. Iwo.

Pampanda panali patadzaza mitu ya aneba. Mayi wina anaseka mokweza.

"Onani ba mudala baphwanya myala monga bakazi!"

Anaonadi. Sindinaleke. Asisi anayamba kufulumira, ine kutsatira. Mapewa awo anayamba kuvina. Anaseka, kuseka kumene sindinakumve chichokere iwo ku Kalingalinga.

"Ngati amama ndi a Esinati," anatero. "Anavinidwa limodzi aja. Pamtondo sankapatsana ulemu, ankaitanana ngati atsikana. Ife ana tinkabisala kuseri kwa nkhokwe kumvetsera."

Ndinangomenya.

Anasintha mawu, anawakweza, mawu a munthu amene sindikumukumbukira nkhope.

"Esinati iwe, wagona? Tsitsa munsi, dzuwa likupita!"

Gu. Gu. Anasinthanso, mawu aang'ono odandaula.

"Iwe Zelipa, ufuna undithyole msana? Sindine ng'ombe ine!"

Ndinaona ngati ndalipeza. Koma ndine kalipentala, sindidula thabwa ndisanayeze kawiri. Pamtondo pakanatha kukhala mkazi wachitatu. Ndinafunsa.

"Zelipa ndani?"

Mbama sindinaione ikubwera. Inafika patsaya lamanzere, ya dzanja lophwanya miyala. Chipewa chinagwa. Khutu linalira.

"Wopanda mwambo iwe! Amako ukuwatchula dzina? Wakulera ndani?"

Ana inu, ndamenyedwapo m'moyo. Anandimenya aphunzitsi, anandimenya mkulu wa matabwa uja, linandimenya thabwa lothawa pa makina. Mbama yokoma ngati imeneyo sindinailandirepo.

"Pepani, asisi," ndinatero.

"Usadzabwerezenso."

"Sindidzabwereza."

Ndinatola chipewa. Pensulo inali itagwa kukhutu, ndinaipeza m'miyala. Buku linali kunyumba, ndipo mutu wa nkhalamba sindiukhulupirira, ngakhale wanga. Ndinalemba dzinalo pampini wa hamala yanga, zilembo zazikulu.

Jailosi anali atakhala pa sitepe. Sopo anali atachoka kumasaya m'mizere iwiri. Asisi anamuyang'ana.

"Jailosi, wavala bwanji kumaso? Kasambe, uchedwa kusukulu."

"Inde, bamai," anatero. Anali asanamutchule dzina kuyambira nyengo yozizira ija.

Pochoka ndinayamba kubwezera miyala m'wilibala. Anandigwira dzanja.

"Isiyeni, ba Malume."

Muluwo ulipo mpaka lero pansi pa mtengo wa mapeyala. M'mawa uliwonse bana Chanda amayala saka, ba Mbuya Tisa amaphwanya pang'ono, atamanga kansalu pamphuno chifukwa cha chifuwa. Sanachire, musanamizane. Masana amabwerera pa sofa, ine n'kukhalanso abambo achilendo. Koma m'mawa amadziwa anthu. Mukafuna nkhani, pitani m'mawa. Foni musiye m'thumba. Khalani pansi, musendeze mulu, mutseke pakamwa. Zimene mwamva mukalembe m'buku lanu, langa latsala pang'ono kudzaza.

Patsamba loyamba sindinafufute kanthu. Amake Tisa ndi dzina limene analinyamula ndi ulemu, likhale. Ndinangolemba linalo pambali pake. Kulemba si kutchula. Pakamwa panga latuluka kawiri kokha. Koyamba mwamva chimene ndinalandira. Kachiwiri ndi aka.

Mchombo unagwa. Lute anatumiza mawu. Tinasonkhana m'mawa ku Kalikiliki, pabwalo laling'ono la pakati pa nyumba za lendi, zovala za aneba zili pachingwe pamwamba pathu. Ena a inu munalipo, mukukankhana pa benchi imene ndinapanga ine. Jailosi anabweretsa amake pa galimoto, atangochoka pamiyala, fumbi loyera lidakali m'zala. Anawakhazika pa mpando. Apongozi a Lute anatulutsa mwana, anandiika m'manja. Anali wopepuka kuposa pulena.

Ndinayang'ana kumene kunali asisi. Ndinasendera pang'ono kuti dzanja lawo lisandifike.

"Uyu ndi Zelipa," ndinatero.

Akazi analuluta. Mulenga anadumpha.

"Ba Shikulu, iliko na mu Baibo iyo! Aleluya!"

"Khala pansi," anatero Lute, akuseka, misozi ili m'masaya.

Mwana anayenda m'manja mwa anthu mpaka anafika pamiyendo ya asisi. Anamuyang'ana nthawi yaitali. Anatsegula kansalu, anaona zala zazitali zija.

"Ndani uyu?"

Lute anagwada pambali pawo.

"Ni Zelipa, ba Mbuya."

Ndinadikira mbama ina. Sinabwere. Kwathu mwana akatenga dzina la munthu, amatenganso malo ake. Asisi anakonza duku, anawongola msana. Anawomba m'manja pang'onopang'ono pamwamba pa mwanayo, monga mwana wamkazi alonjera amake ochokera kutali.

"Amama, mwafika? Mwayenda bwanji?"

Ngakhale iwe Dalitso unatsitsa foni.

"Mwana wanu uja ndinafika naye," anatero asisi. "Sindinamugwetse panjira. Analira pa Luangwa, koma ndinafika naye. Suyo waima apoyo. Wakalamba."

Anandiloza ndi chala cha fumbi. Mitu yonse inatembenukira kwa ine.

"Ambuya," anatero Lute, "kambani ko kanthu."

Ndinavala chipewa. Ndinadutsa pansi pa zovala za aneba, ndinatsegula kageti kamalata, ndinalowa mumsewu wopita ku Kalingalinga.